Mlandu Suwola

Funso lakale

Munthu akapita kukagwira ntchito kwa wina, apita ndi thupi lake lonse. Sakhoza kusiya manja ake kunyumba, kapena maso, kapena mapapo. Wolemba ntchito alipira nthawi ya munthuyo ndi mphamvu zake, koma nthawi zina ntchito itenga zoposa zimene anapangana. Makina adula chala, mwala uphwanya mwendo, fumbi lilowa m'chifuwa. Pamenepo pabuka funso limene linayamba tsiku limene anthu anayamba kulembana ntchito: ndani ayenera kusenza katundu wa tsoka lotere? Ndipo wolemba ntchito akapereka ndalama, ndalamazo nzachiyani? Kodi ndi mtengo wa chala chija? Kodi ndi mphatso ya chifundo? Kapena ndi ngongole?

Mayankho atatuwa asiyana kutali. Wolandira mtengo wagulitsa kanthu kake, ndipo alibenso mawu. Wolandira mphatso aomba m'manja nakhala chete, ngakhale mphatsoyo ichepe kapena ichedwe. Koma mwini ngongole ali nayo mphamvu ya kufunsa chake kufikira atalandira. Chifukwa chake nkofunika kuti munthu wantchito adziwe dzina lenileni la ndalama zimene ena azitcha chipepeso, ndipo ena azitcha chipukuta misozi.

Nzeru ya pabwalo

Makolo a m'dziko muno analibe mabuku a malamulo, koma nkhani yotere sinali yachilendo kwa iwo. Mbuzi za munthu zikalowa m'munda mwa mnzake ndi kudya chimanga, nkhani inkapita kubwalo kwa mfumu. Mwini mbuzi akanatha kunena zoona kuti, “Pepani mfumu, sindinazitume ine, ndinali kumaliro pamene zinathyola khola.” Bwalo linkamva mawu akewo, koma linkamuuza kuti alipe ndithu. Pakuti mbuzi zikaswa, ana ake ngake. Zikagulitsidwa, ndalama nzake. Tsono zikaononga, mlandunso ngwake. Amene adya phindu la chinthu asenzenso kuononga kwake.

Bwalo linkadziwanso chinthu chachiwiri. Munthu akavulaza mnzake, nkhuku kapena mbuzi imene ankapereka sinkabweza diso kapena dzino. Madzi akatayika sawoleka. Choperekacho chinali kuvomera pamaso pa mudzi kuti mnzako wapwetekera m'manja mwako, ndi kuti sumusiya alire yekha.

Chachitatu ndi ichi: akulu ankati mlandu suwola. Nyama iwola, dzungu liwola, koma choipa chosakonzedwa chikhala chiri chomwecho. Wopalamula akasamuka, nkhani imtsata. Akamwalira, abale ake akhala pabwalo m'malo mwake.

Pangano la m'mafakitale

Ku Ulaya, pamene mafakitale ndi migodi inachuluka, anthu ovulala anachulukanso. Poyamba lamulo linali louma mtima. Wovulala anayenera kupita kukhoti ndi kusonyeza kuti bwana wake ndiye analakwa. Munthu wosauka, wogona pamphasa ndi bala, analibe ndalama zolembera loya. Ndipo ngozi zambiri zinalibe mwini woonekera: chingwe chinangoduka, denga la mgodi linangogwa. Motero ambiri anapita kwao chimanjamanja.

M'chaka cha 1884 dziko la Germany linaika lamulo latsopano la inshuwalansi ya ngozi za pantchito, ndipo Britain inaika lamulo lake la chipepeso m'chaka cha 1897. Maiko ena ambiri anatsatira. Mtima wa malamulowa ufanana ndi mlandu wa mbuzi uja. Wovulala pa ntchito yake sayeneranso kusonyeza kuti bwana analakwa. Asonyeze chabe kuti anavulala pogwira ntchitoyo.

Koma m'maiko ena, monga South Africa, lamulo liri ndi mbali yachiwiri. Wolandira chipepeso cha lamulo saloledwa kusumira bwana wake kuti alandire zambiri. Nkusinthana kumeneku: wantchito ataya mphamvu ya kusuma, napatsidwa chipepeso chosavuta kupeza, bwana alipa pa ngozi iriyonse, napulumuka ku milandu yaikulu. Ndipo pofuna kuti anthu asamakangane za kuchuluka kwa ndalama, analemba mndandanda wa ziwalo. M'lamulo la South Africa la 1993, kutaya maso onse awiri kuwerengedwa ngati kutaya magawo 100 mwa magawo 100 a mphamvu yogwirira ntchito. Dzanja lodukira pamfundo ndi magawo 50. Diso limodzi ndi magawo 30.

Munthu akamva mndandanda umenewu koyamba, mtima wake unyansidwa, pakuti umveka ngati mitengo ya nyama pamsika. Koma wouganizira bwino aona kuti suyesa mtengo wa diso. Uyesa chakudya chimene disolo likanapezera ana. Diso liribe mtengo, koma nsima ya ana iri nawo mtengo, ndipo umenewo ukhoza kuwerengedwa.

Kusinthana kotere kukhala kolungama pokhapokha zinthu ziwiri zikachitika: chipepeso chikhale chokwanira, ndipo chifike m'manja mwa mwini wake. Chimodzi chikasowa, wantchito wataya mphamvu yake pachabe. Mbiri ya amuna a dziko lino amene anapita kumigodi ya golide isonyeza zimenezi poyera.

Ulendo wa ku Joni

Mumzinda wa Blantyre muli malo okwerera basi amene anthu awatcha Wenela. Dzinali lichokera ku bungwe la eni migodi ya golide ya ku South Africa, limene linkalemba anthu ntchito m'maiko oyandikana nawo. Amuna a ku Nyasaland ankapita ku Johannesburg, kumene iwo ankati ku Joni, kukafuna ndalama za msonkho, za nsalu ndi za njinga. M'chaka cha 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo ulendo unayambanso. Pofika 1973 amuna a ku Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo amuna oposa 70 a ku Malawi amene anali kubwerera kwao anafa. Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, ndipo kunatha m'chaka cha 1988.

Imfa ya m'ndege inamveka dziko lonse, pakuti inachitika tsiku limodzi, anthu akuona. Koma panali imfa ina yoyenda mwakachetechete, imene inalowa m'midzi mmodzimmodzi, yopanda woilengeza.

Mwala umene muli golide ngwolimba kwambiri. Pouboola ndi pouphulitsa patuluka fumbi losalala, losaoneka ndi maso. Fumbilo lilowa mpaka pansi pa mapapo, ndipo thupi silikhoza kulitulutsa. Pamene lakhala pachita zipsera, ndipo mapapo, amene ayenera kukhala ofewa, ayamba kuuma. Nthendayi itchedwa silicosis. Iribe mankhwala ochiritsa, ndipo munthu wodwala nayo agwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu. Choopsa chake nchakuti ichedwa kuoneka. Munthu akhoza kutsiriza ntchito ali wamphamvu, nabwerera kumudzi ndi bokosi la zovala. Patapita zaka khumi kapena makumi awiri ayamba kupuma mwawefuwefu pokwera chulu, alephera mzere umodzi wa kumunda, natsokomola usiku wonse. Abale ayamba kuyang'anana, ndipo mwina mayi wokalamba wa pamudzi atchulidwa mfiti chifukwa cha fumbi la m'dziko limene iye sanalionepo.

Eni migodi sanali osadziwa. South Africa inali nawo malamulo a chipepeso cha nthenda ya fumbi kuyambira 1911 ndi 1912, ndipo m'chaka cha 1930 akatswiri a maiko ambiri anasonkhana ku Johannesburg kukambirana za nthendayi. Njira zochepetsera fumbi zinali zodziwika: kuthira madzi poboola, ndi kulowetsa mpweya wabwino pansi. Koma bungwe lofufuza limene anatsogolera woweruza Leon linanena m'chaka cha 1995 kuti fumbi la m'migodi linali lisanachepe kwa zaka ngati 50.

Lamulo linalipo, koma linkayesa anthu ndi miyeso iwiri. Mzungu wodwala ankalandira zambiri. Munthu wakuda ankalandira zochepa. Kusiyanitsa kumeneku kunachotsedwa m'lamulo m'chaka cha 1993. Ndipo ngakhale zochepazo zinali zovuta kuzipeza. Kuti munthu alipidwe, madokotala a boma ku Johannesburg anayenera kutsimikiza nthenda yake poona chithunzi cha chifuwa chake, kapena poyesa mapapo ake atamwalira. Nanga munthu wa ku Dedza kapena ku Mzimba, wodwala zaka zambiri atachoka kumgodi, akanafika bwanji kumeneko? Ambiri sanauzidwe nkomwe kuti lamulo lotere liripo. Mgodi unatenga mphamvu za mnyamata, ndipo mudzi unasenza nkhalamba yodwala. Akazi amene anatunga madzi, kuphika phala ndi kuchezera usiku ndiwo analipa ngongole ya mgodi.

Munthu mmodzi kukhoti

Thembekile Mankayi anali munthu wa ku South Africa amene anagwira ntchito pansi pa mgodi wa golide kuyambira 1979 kufikira 1995. Mapapo ake ataonongeka, analandira chipepeso cha R16,320. M'chaka cha 2006 anasumira kampani ya AngloGold Ashanti, nafuna R2.6 miliyoni. Kampani inayankha ndi pangano lija, niti lamulo la 1993 liletsa wantchito kusumira bwana wake. Makhoti awiri anavomereza mawu a kampani.

Koma khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linaona mwina. Linapeza kuti odwala mapapo a m'migodi salipidwa ndi lamulo la 1993, koma ndi lamulo lina la 1973, limene ndalama zake nzochepa. Tsono munthu amene salandira zabwino za lamulo sangamangidwe ndi chiletso cha lamulo lomwelo. Chiweruzo chinaperekedwa pa 3 March 2011. Mankayi anali atamwalira masiku ochepa chiweruzocho chisanaperekedwe.

Iye sanaone chipatso cha mlandu wake, koma anatsegulira ena khomo. M'chaka cha 2016 khoti la ku Johannesburg linalola kuti odwala onse asume pamodzi ngati gulu limodzi. M'chaka cha 2018 makampani asanu ndi limodzi a golide anavomera kupereka R5 biliyoni, ndipo khoti linavomereza panganolo m'chaka cha 2019. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo kwa odwala ndi kwa mabanja a omwalira, osayang'ana dziko limene munthu anachokera. Panganolo likhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019.

Apa mawu a akulu aja anaoneka kuti ngoona: mlandu sunawole. Koma paoneka choona chinanso chowawa. Mlandu suwola, koma munthu awola. Amene anachoka kumgodi chisanafike chaka cha 1965 ali kunja kwa panganolo. Amene anamwalira kumudzi popanda dokotala wolemba chimene chinawapha asiya akazi amasiye opanda umboni. Chilungamo chochedwa chipeza manda.

Zimene ena amanena

Pali anthu amene ati, “Anapita yekha, palibe anamkoka; ndipo analandira malipiro ake.” Mawuwa ali ndi choona chake, pakuti munthu wamkulu asankha yekha njira yake. Koma munthu avomera chimene wachidziwa. Mnyamata wosindikiza chala chake pa pepala la Wenela ankadziwa kuti mwala ukhoza kumgwera. Za fumbi lodzampha patapita zaka makumi awiri sankadziwa, pamene womlemba ankadziwa. Ndiponso malipiro a pamwezi ngolipira ntchito ya mwezi umenewo. Salipira zaka zonse zimene munthu sadzathanso kugwira khasu.

Ena ati, “Ndalama za magazi nzosadyeka; kulandira ndalama chifukwa cha imfa ya mwamuna kuli ngati kumgulitsa.” Mtima wolankhula chotere ngwaulemu, ndipo suyenera kusekedwa. Koma mayi wamasiye wolandira chipepeso sagulitsa mwamuna wake. Alandira chimanga chimene mwamunayo akanalima, ndi ndalama za sukulu zimene akanapereka. Akakana, womwalirayo sauka, ndipo ndalamazo zitsala m'thumba mwa amene anayenera kulipa.

Enanso ati, “Bwana anachita chifundo potilemba ntchito, kufunsa chipepeso nkusayamika.” Koma ntchito ndiyo kusinthana kumene onse awiri apindula. Wofunsa chake mwaulemu sanyoza munthu. Mwini munda uja sanali wosayamika pamene anapita kwa mfumu.

Eni ntchito nawonso ali ndi mawu oyenera kumveka. Iwo ati, “Wantchito wina avulala chifukwa cha kusasamala kwake, ndipo wina anama.” Nzoona kuti otere alipo. Chifukwa chake malamulo ambiri a chipepeso samvera chisoni munthu wodzipweteka dala, ndipo afuna umboni wa dokotala. Wonama kuti wavulala aba kawiri: abera bwana wake, naberanso mnzake wovulaladi amene mawa sadzakhulupiriridwa. Koma kusasamala kwa kamphindi, kwa munthu wotopa amene wagwira makina tsiku lonse, ndi mbali ya ntchitoyo, monga kuthyola khola ndi mbali ya kuweta mbuzi.

Dzina lenileni la chipepeso

Tsono funso lija liyankhika. Chipepeso sindicho mtengo wa thupi, pakuti thupi siligulitsidwa. Mwini ntchito amene aganiza kuti wagula mapapo a anthu ake ayamba kuwerengera m'mtima mwake kuti, “Kulipa odwala nkotsika mtengo kuposa kuchotsa fumbi.” Kuwerengera kotere ndiko kuipa kwakukulu m'nkhani yonseyi. Ngongole yoyamba ya wolemba ntchito ndiyo kusunga munthu wamoyo ndi wathunthu. Chipepeso chibwera pamene yoyambayo yalephereka.

Chipepeso sindichonso mphatso, pakuti mphatso munthu akhoza kuimana osachimwa. Chipepeso ndi ngongole. Ndipo ngongole sithera pa kulembedwa m'buku, kapena pa kuikidwa m'banki ya kutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ngwa mphepo. Wokongola ndiye ayenera kufunafuna mwini chuma. Amene anadziwa njira ya kumudzi pofuna anyamata amphamvu, natuma magalimoto ndi ndege kukawatenga, sanganene kuti njirayo yasowa pa tsiku lolipa.

Nkhaniyi siya ku Joni kokha. M'dziko la Malawi anthu avulala m'minda ya tiyi ndi ya fodya, m'zigayo, m'macheka, pomanga nyumba ndi poswa miyala. Lamulo la chipepeso cha antchito la chaka cha 2000 liika udindo pa wolemba ntchito pamene munthu wavulala, kapena wadwala nthenda yochokera ku ntchito yake, ndipo maofesi a Leba ndiwo athandiza pa nkhani zotere. Wovulala achita bwino kuuza bwana wake msanga, kupita kuchipatala kuti bala lilembedwe, ndi kukanena ku ofesi ya Leba. Asunge pepala liri lonse la ntchito ndi la chipatala pamalo osafika chiswe ndi mvula, nauze mkazi wake ndi ana ake pamene liri. Kapepala kokhala ndi nambala ya kumgodi, kosungidwa m'chitini zaka makumi anayi, kakhoza kukhala mboni pamene mwini wake sakhozanso kulankhula. Apa ndi pamene kudziwa kuwerenga kusanduka chida: wowerenga sasaina chimene sanachimve, ndipo sapereka ndalama kwa munthu wapanjira wolonjeza kuti amtsatira chipepeso chake.

Mudzi nawo uli ndi gawo lake. Chipepeso chikafika, pafika abale amene sanaoneke pa matenda. Koma ndalamazo zilowa m'malo mwa manja a wovulala kapena womwalira, ndipo nza iwo amene manjawo ankawadyetsa. Wolanda mayi wamasiye chipepeso achita chimodzimodzi ndi kampani yokana kulipa, ndipo mlandu wake nawonso suwola.

Golide wa m'migodi ija anagulitsidwa kalekale, ndipo migodi yambiri inatsekedwa. Koma m'midzi ya dziko lino muli nkhalamba zimene zisenza fumbi lake m'chifuwa, ndi amayi amene anaika amuna awo osadziwa chimene chinawapha. Iwo sapempha chifundo. Ali eni ngongole, ndipo ayenera kulipidwa akali ndi moyo.